Belu la kamera pageti: mayankho a makalata anu

Makalata ambiri a mwezi uno ndi okhudza belu la kamera, lija mlendo akalidina foni yanu imalira, inu n'kumuona nkhope ndi kuyankhula naye ngakhale muli kumunda kapena kuntchito. Ndayamba ndi kalata ya mayi a ku Area 49 chifukwa zomwe afunsazo zikhoza kuvulaza munthu.

Funso: Zikomo amisiri. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo pobwera pa Khirisimasi anandibweretsera belu la kamera la Ring, lija lofuna mawaya. Akuti azionako amene akubwera pakhomo popeza ndimakhala ndi adzukulu okhaokha. Pageti pathu pali kale belu lomwe malemu bambo a ana anaikitsa. Mnyamata wina wa m'dera lino akuti ndi kantchito kochepa, angochotsa batani lakalelo n'kulumikiza latsopanoli pa mawaya omwewo. Ndimulole? — Mayi a ku Area 49, Lilongwe

Yankho: Mayi, mumuimitse kaye mnyamatayo, asagwire kanthu mpaka mawayawo atayezedwa. Mabelu akale omwe ndimawapeza m'nyumba zambiri kuno kwathu amayendera magetsi enieni a m'nyumba. Batani la pagetilo ndi swichi chabe, ndipo waya wofika pamenepo wanyamula mavolti 230, omwewo ophikira ndi ositira. Belu lomwe mwana wanu wakubweretserani sililandira magetsi opitirira mavolti 24. Mukalipatsa 230 lipsa musanaphethire, mphatso yochokera ku Joni ithera pomwepo. Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa adzukulu anu. Chipilala cha geti chimanyowa ndi mvula, getilo ndi lachitsulo, ndipo anawo amaligwira m'mawa uliwonse popita kusukulu. Waya wa 230 wolumikizidwa mwachisawawa pamalo otere akhoza kupha.

Mnyamatayo sakunama dala ayi. Pabokosi ndi m'mavidiyo a pa YouTube amanenadi kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma iwo akunena za nyumba za ku America komwe mabeluwa anayambira. Kumeneko nyumba zambiri zili kale ndi kathiransifoma kotsitsa magetsi kufika pa mavolti 16, chitseko chimayang'ana kumsewu popanda mpanda, ndipo rauta, kabokosi kotulutsa WiFi, ili kuseri kwa khoma lomwelo. Mwini nyumba amangomasula masikuluu awiri, kusintha batani, basi watha. Ife timakhala mkati mwa mpanda wa njerwa, mlendo amaima pageti, mamita 20 kapena 30 kuchokera pakhonde. Ndiye kuno ntchito yeniyeni ili pa waya, pa thiransifoma ndi pa WiFi. Kukhoma belulo pachipilala kumabwera pomaliza ndipo sikuvuta.

Itanani wamagetsi yemwe ali ndi chiphaso cha MERA, abwere ndi multimeter, mita ija yoyezera mphamvu ya magetsi. Katesita kosongoka kamene kamayaka mukakhudza waya kamangokuuzani kuti pali magetsi amphamvu, sikanena kuti ndi angati, ndipo kakapanda kuyaka musafulumire kunena kuti waya ndi wakufa. Akayeza pabatani n'kupeza 8, 12 kapena 16, ndiye kuti penapake kudenga kapena pafupi ndi DB, bokosi lija la maswichi a magetsi a nyumba yonse, pali thiransifoma. Aifufuze, awerenge zolembedwa pamenepo. Ya mavolti 8, yomwe inali yofala m'mabelu a ku Britain, mphamvu yake imafika pageti itaperewera, imeneyo isinthidwe. Akapeza 230, mawayawo asagwiritsidwe ntchito pa belu latsopanoli.

Ine ndimakonda kusiya belu lakalelo momwe lilili, ngati batani lake lili bwino ndipo mvula sililowa, n'kukokera latsopanoli waya wakewake. Belu la Ring lotchedwa Video Doorbell Wired sililiza kabokosi kakale ka m'nyumba kaja. Limangoliza foni, pokhapokha mutagula kachipangizo kena kotchedwa Chime kolowetsa pasoketi. Nanga tsiku lomwe mwapita kumaliro foni ili m'chikwama, ana otsala pakhomo adzamva bwanji kuti pageti pali munthu?

Pali chizolowezi china chomwe ndikufuna chitheretu pakati pathu: kugwira mawaya poti magetsi athima. Magetsi amabwera osaodira. Wogwira ntchitoyo atsitse swichi yaikulu pa DB, ayeze kuti atsimikize, ndipo auze onse a m'nyumba kuti pasapezeke woikweza. Ngati muli ndi inveta, sola kapena jenereta azimitsenso, chifukwa masoketi akhoza kukhala ndi moto ngakhale mita ya ESCOM ili zii.

Thiransifoma ikhale m'nyumba, pouma. Pezani yolandira 230 n'kutulutsa pakati pa 16 ndi 24, ndipo muonenso nambala ina yolembedwa VA, yosonyeza kukula kwa mphamvu yomwe ingapereke. Ya 30 imakwanira mabelu ambiri, ndipo a Ring amati isapitirire 40. Popeza lanu lagulidwa ku South Africa, magetsi ake ndi ofanana ndi athu. Chosiyana ndi pulagi yokha: yawo ili ndi mano atatu obulungira pomwe yathu ndi ya mano amakona, yofanana ndi ya ku Britain. Amene abale awo atumiza kuchokera ku America asamale, thiransifoma za kumeneko anazipangira mavolti 120 ndipo pa magetsi athu zimapsa. Belulo palokha ligwira ntchito, koma thiransifoma ikhale yogwirizana ndi magetsi a kuno.

Tsopano tibwere pa waya, pomwe anthu ambiri amaumira ndalama kenako n'kumadzadandaula. Magetsi ochepa chonchi amataya mphamvu panjira, ndipo waya akakhala wowonda ndi wautali, pageti pamafika zotsalira, monga madzi a pampopi wa kumapeto kwa laini omwe amangodontha. Masana belu limaoneka labwinobwino, koma usiku likayatsa timagetsi take toonera mumdima, kapena wina akalidina, limazima n'kuyambiranso. Pa mtunda wa mamita 20 kupita m'tsogolo ine ndimaika waya wa nthambo ziwiri, wa 1.0mm kapena 1.5mm, wa kopa weniweni. Pogula, palani nsonga yake ndi mpeni. Mkati mukatuluka moyera, ameneyo ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba; amathyoka msanga ndipo chinyezi chikamulowa amafumbutuka. Mumubwezere wogulitsa.

Wayayo asayende pamtunda, asakwiriridwenso yekha. Alowe m'paipi ya pulasitiki ya 20mm, molumikizira monse mopaka guluu, ndipo paipiyo ikwiriridwe m'kangalande kakuya pafupifupi theka la mita motsatira khoma, komwe khasu la wolima maluwa silifika. Makoswe amatafuna waya, ndipo chiswe chimadzaza dothi lonyowa paliponse pomwe chapeza mpata. Asamuike m'paipi imodzi ndi waya wa getsi la pageti, chifukwa tsiku lomwe mmodzi adzasupuke, 230 idzalowa m'belu. Muwauzenso asiye chingwe cha nayiloni m'paipimo, kuti mukadzafuna kukoka waya wa intaneti kapena wa loko ya geti musadzakumbenso.

Musanapite nalo pageti, liyatseni kaye patebulo ndi kawaya kakafupi, pafupi ndi rauta. Ikani app pafoni, jambulani kachizindikiro ka QR kamene kali pabelupo, lilumikizeni ku WiFi, ndipo mulisiye likoke zonse zomwe likufuna pa intaneti. Mukatero, chikadzavuta pageti mudzadziwa kuti vuto ndi waya kapena WiFi, osati belulo. Akaunti ikhale m'dzina lanu mayi, pa imelo yanu, mwana wanuyo mumuwonjezere ngati woonera nawo. App ili ndi malo ochitira zimenezo. Pakhomopo ndi panu, ndipo rauta ikadzasinthidwa simufunika kudikira wa ku Joni aweruke kuntchito.

Likhomedwe pachipilala, osati pachitseko cha geti chomwe chimagwedezeka mpaka kudula waya. Likhale mamita 1.2 kuchokera pansi. Ambiri amaona ngati pamenepo m'pafupi n'kulikweza kufika m'maso mwa munthu wamkulu, koma diso lake limaona motambalala, ndipo likakwera kwambiri limasiya ana ndi katundu woikidwa pansi n'kumangojambula magalimoto a pamsewu. Boolani panjerwa penipeni, muike timapulagi ta pulasitiki. Pa thiransifoma ya AC nthambo ziwirizo zilibe yakumanja kapena yakumanzere, iliyonse ilowa paliponse, bola masikuluu amangidwe zolimba ndipo nthambozo zisakhudzane. Pakani silikoni pamwamba ndi m'mbali, pansi musiye potseguka kuti chinyezi chizituluka. Ngati geti lanu layang'ana kum'mawa kapena kumadzulo, nthawi zina dzuwa lidzakhala kumbuyo kwa mlendo ndipo nkhope idzangoti bii. Kadenga kakang'ono pamwamba ndi kapulasitiki kopendeketsa belu zimathandiza. Kadengako kamalitchinjirizanso ku dzuwa la mu Okutobala, pakuti mabeluwa akatentha kwambiri amadzizimitsa okha.

Funso: Amisiri, ndikumaliza kumanga nyumba ndipo geti lili mamita 45 kuchokera pabalaza. Belu sindinagule. Mnzanga anaika la WiFi koma pafoni pamangozungulira, mpaka mlendo amatopa n'kubwerera. Ndigule lotani kuti zisandichitikire? — Bambo a ku Chileka, Blantyre

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanayale simenti pabwalo. Anthu ambiri sadziwa kuti belu "la waya" la Ring kapena Nest limangolandira magetsi pa wayayo, chithunzi chimayendabe pa WiFi. Ndipo WiFi imafooka ikadutsa m'njerwa ndi m'konkire, pomwe geti lachitsulo limaitchinga pafupifupi yonse.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Kaimeni kunja kwa mpanda, pomwe belu lidzakhale, geti litsekedwe. Zimitsani data ya pafoni kuti mutsale ndi WiFi ya m'nyumba yokha, ndiye muimbire munthu pa vidiyo ya WhatsApp. Chithunzi chikamadukaduka, belu nalonso lidzadukaduka. Rauta zambiri zimatulutsa WiFi ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Yopita kutali ndi kudutsa makoma ndi ya 2.4, ndipo mabelu ambiri otsika mtengo amangodziwa imeneyo. Muonenso liwiro lotumizira, osati lolandirira lomwe amalengeza kwambiri, chifukwa belu ntchito yake n'kutumiza. Pamafunika 2 Mbps pachipilala pomwepo. Mnzanuyo atsegule app yake apeze nambala ya RSSI, yosonyeza mphamvu ya WiFi pomwe pali belu. Ikakhala cha m'ma -50 mpaka -60 zili bwino, ikadutsa -70 vuto lake ndi limenelo.

Pa mamita 45, ine sindingalimbane ndi WiFi. Gulani belu la PoE. Limeneli limalandira magetsi ndi intaneti pa waya mmodzi, uja wa makompyuta wa Cat6, ndipo wayayo amanyamula bwinobwino mpaka mamita 100. Reolink ili nalo lotere, nawonso a Hikvision ndi Dahua amapanga ena okhala ndi sikilini ya m'nyumba, omwe ana ndi agogo amayankhirapo popanda foni. M'nyumba mumangoika kabokosi kotchedwa PoE injector pakati pa rauta ndi waya wopita kugeti. Thiransifoma sifunikanso. Wayayo akhale wa panja, wa kopa weniweni, wosalumikiza panjira, m'paipi monga ndauzira mayi aja. Popeza amisiri anu adakali pamalopo, auzeni aike mapaipi awiri lero lomwe.

Amene anagula kale la WiFi, extender, kabokosi kotalikitsa WiFi, ikhoza kuthandiza, koma iikidwe pakati pa rauta ndi geti pomwe WiFi idakali yamphamvu, makamaka pawindo loyang'ana kugeti. Mukaiika kumapeto komwe WiFi yafooka kale, imangobwereza kufookako. Chodalirika kuposa apo ndi access point ya panja, kabokosi kena kotulutsa WiFi, yokokeredwa waya, yokhomedwa pansi pa denga la khonde.

Funso: Achimwene, magetsi akathima belu langa limathimanso, chonsecho ndi nthawi yomwe ndimalifuna kwambiri chifukwa kunja kumakhala mdima. Komanso mvula ya ziphaliwali itagwa chaka chatha, rauta inapsa. Nditani? — Wowerenga wa ku Matawale, Zomba

Yankho: Achimwene, belu la waya lilibe batire loti n'kulisunga maola. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira momwe namondwe Ana anagumulira damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yopitirira chaka. Choncho aliyense wogula belu lotere awerengeretu batire pa mtengo wake, lisakhale chinthu chodzaganiza pambuyo.

Zofunika kukhala zoyaka ndi ziwiri, belu ndi rauta. Ambiri amasamala za belu n'kuiwala rauta, ndiye belu likuyaka koma foni ili phee. Mwayi wake zonsezi zimadya pang'ono. Tiyerekeze belu likudya mawati 5, rauta mawati 10. Pamodzi ndi 15, ndipo pa maola 8 ndi 120 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola). Kabatire kaja ka 12V 7Ah ka mu UPS wamba kamasunga 84 Wh, ndiye sikangafike. Komanso batire la mtovu likamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku limafa msanga. La 20Ah ndiye lingakwanire. Pa mwezi wathunthu mawati 15 amenewa ndi mayunitsi pafupifupi 11.

Ma mini UPS a lithium omwe akugulitsidwa m'mashopu a makompyuta amasunga rauta bwino. Ena ali ndi potulukira PoE, koma muwerenge bwino: ena amatulutsa mavolti 24 pomwe belu la PoE limafuna yotchedwa 802.3af, ya mavolti 48. Ngati belu lanu lili pa thiransifoma ya AC, liyenera kudya kuchokera ku inveta, ndipo ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija za modified sine wave zimaliritsa thiransifoma ndi kuitenthetsa.

Za mphezi ndinene mosabisa. Ikagunda nyumba yeniyeniyo palibe kachipangizo kangaitchinge. Koma zambiri zomwe zimapsa m'nyengo ya mvula zimapsa ndi mphezi yogwa chapatali, mphamvu yake n'kulowera m'mawaya a magetsi kapena m'waya wautali uja wochokera kugeti. Izi ndiye zimapeweka. Wamagetsi aike surge arrester, kachipangizo kopatutsira m'dothi magetsi obwera mopitirira muyezo, pa DB ndipo ayeze chitsulo cha earth, chifukwa ndapeza nyumba zambiri waya wake atadukira m'dothi kalekale eni ake osadziwa. Popanda earth yabwino, zotetezera zonse n'zongokongoletsa khoma. Pa waya wa Cat6 pakhalenso kotetezera kake pomwe akulowera m'nyumba. Rauta ndi thiransifoma zidyere pa guard yonga ya firiji, yomwe imadikira kaye magetsi akabwera isanatsegule. Ndipo kumwamba kukayamba kung'anima chakufupi muli pakhomo, zulani mapulagi.

Funso: Ndili ku Leeds, ndipo ndinaikitsa belu kwa mayi anga ku Kasungu. Amagwiritsa ntchito MiFi. Bandulo yomwe ndimawagulira ikutha sabata isanathe, komanso patatha mwezi umodzi mavidiyo akale anasiya kuoneka. Kodi lawonongeka? — Mwana wa ku Kasungu, ku England

Yankho: Silinawonongeke achimwene. Mavidiyo akale asowa chifukwa masiku 30 oyeserera aulere atha. Belu la Ring silisunga kanthu mkati mwake, limatumiza zonse ku makompyuta a kampaniyo, ndipo kuti muzionanso zakale mumalipira mwezi ndi mwezi. Mukapanda kulipira, foni imalirabe, mumaona ndi kuyankhula ndi yemwe ali pageti nthawi yomweyo, koma zadzulo palibe. Inu muli ku England kulipirako sikungakuvuteni. Kwa ife a kuno, ndi momwe ndalama zakunja zikusowera, ndimalangiza mabelu osunga pa kakhadi ka microSD, monga a Reolink ndi Tapo. Kuipa kwake n'kwakuti wakuba akazula belu wapita ndi kakhadiko, ndiye amene angakwanitse azisungiranso pa NVR, bokosi la m'nyumba losungira mavidiyo a makamera.

Za bandulo, tiwerengere limodzi. Vidiyo ya 2 Mbps ya masekondi 30 ndi 7.5 MB. Belu likajambula ka 50 patsiku ndi 375 MB, pa mwezi kupitirira 11 GB. Koma geti loyang'ana msewu wodutsa kabaza, ana a sukulu, mbuzi ndi ngolo likhoza kujambula kangapo kuposa apo. Onjezani nthawi yomwe inuyo mumatsegula kuti muone kwanu mukawasowa mayi. Ndikumvetsa, koma mphindi iliyonse ndi 15 MB ya MiFi yawo.

Lowani mu app, mujambule malire a malo oti belu lizilondera, akhale pakhomo pa geti pokha, msewu utsale kunja. Sankhani kuti lizichenjeza likaona munthu basi, ngati lanu lili ndi mwayi umenewo, ndipo mufupikitse kutalika kwa vidiyo iliyonse. Muuzenso wa pakhomopo azipukuta galasi lake ndi kansalu kofewa. Akangaude amakonda kuluka pafupi ndi timagetsi ta usiku, ndipo ulusi umodzi wogwedezeka ndi mphepo umajambulitsa usiku wonse. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikaunjikana pa getsi la pageti, bandulo imatha usiku umodzi. Getsilo lisakhale pamwamba penipeni pa belu.

Funso: Ndapeza belu la Ring logwiritsidwapo kale ntchito pamsika, mtengo wake ndi wabwino. Ndigule? — Mtsikana wa ku Katoto, Mzuzu

Yankho: Achemwali, musapereke ndalama musanaliyese pa foni yanu pomwepo. Belu la Ring limamangiririka ku akaunti ya mwini wake woyamba, ndipo iye akapanda kulichotsa ku akauntiyo, inu simungalilembetse ngakhale mutadina batani la reset kangati. Wogulitsa akakana kuti muliyese, kapena app ikanena kuti lili ndi mwini wake, lisiyeni. Mwina linazulidwa pageti la munthu.

Funso: Amisiri, chiikireni belu, aneba anga asiya kundipatsa moni. Mageti athu ndi oyang'anizana m'kanjira kakang'ono, ndipo akuti ndikuwajambula iwo ndi alendo awo. Ine ndinaika chifukwa cha akuba. Kodi ndalakwa? — Bambo a ku Ndirande, Blantyre

Yankho: Bambo, kuteteza pakhomo panu si kulakwa, koma aneba anuwo dandaulo lawo ndi lomveka ndipo mulimvere. Tsegulani app muone nokha. Ngati geti lawo likuoneka, ndiye kuti foni yanu ikudziwa nthawi yomwe iwo amachoka, yomwe amabwera, ndi yemwe wawayendera. Inunso simungakonde. Ndipo chomwe anthu ambiri sachiganizira ndi mawu. Kamaikolofoni ka m'mabeluwa kamatola zokamba za anthu oima chapatali ndithu, m'kanjira kopanikiza ngati ka kwanuko kamamva ngakhale zokambirana za pageti la eni ake. Mu 2021 khoti la ku Oxford ku England linagamula kuti bambo wina anaphwanya lamulo loteteza zinsinsi za anthu chifukwa cha belu la Ring ndi makamera ake ena, ndipo woweruza anati kutola mawu kunali koipa kuposa kujambula zithunzi. Kuno kwathu gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo la Data Protection Act lomwe MACRA ikuliyang'anira.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi mavidiyo a m'mabeluwa omwe akuponyedwa m'magulu a WhatsApp a m'madera ndi mawu oti "samalani ndi uyu". Nthawi zina ndi mnyamata wofuna ganyu, kapena wosochera nyumba, ndipo tonse tikudziwa zomwe gulu la anthu limachita likamva kuti wakuba. Mukajambula choipa chenicheni, pitani nacho kupolisi kapena kwa a komiti ya chitetezo cha m'dera, osati pa Facebook. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalanganso ozunza anzawo kudzera pa intaneti.

Mutetezenso akaunti yanu. Kumapeto kwa 2019 ku America anthu oipa analowa m'makamera a Ring a mabanja ena pogwiritsa ntchito mapasiwedi omwe eni ake ankawabwereza pamasamba ena, mpaka kumayankhula ndi ana m'zipinda. Kuyambira Febuluwale 2020 kampaniyo inayamba kukakamiza kuti polowa pazifunika nambala yachiwiri yotsimikizira, ndipo mu 2023 inavomera kulipira madola 5.8 miliyoni pa mlandu womwe bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linaisumira, wokhudzanso antchito ake omwe ankaona mavidiyo a makasitomala. Belu lililonse, la kampani iliyonse, lipatseni pasiwedi yakeyake ndipo muyatse nambala yachiwiriyo. Wokuikirani belu asachoke ndi pasiwedi yanu. Mlonda kapena wachibale yemwe munamupatsa mwayi woonera akachoka, mumuchotse tsiku lomwelo.

Tsono za aneba anuwo, musatume mwana kapena kulemba uthenga. Pitani nokha madzulo, foni m'manja, muwaonetse zomwe belu limaona. Mabelu ambiri ali ndi privacy zone, pomwe mumajambula bokosi lakuda pamalo oti kamera isaonepo. Mujambule pageti lawo iwo akuona, ndipo muzimitse kutola mawu. Ngati akadali osakhutira, ikani kapulasitiki kopendeketsa kuti diso liyang'ane chakunjira yolowera kwanu. Mtsikana wantchito ndi mlonda wanu nawonso muwauze kuti pageti pali kamera ndi zomwe imajambula, ndipo pachipilalapo mulembe kachikwangwani kakang'ono kodziwitsa alendo.